Muwawani wa pa Chulu

Pretoria
13 Febuluwale 2022

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi onse kwathu ku Bowe. Ine kuno ndili bwino, kungoti mtima uli kumeneko. Ndapatsira a Dominiko, adalaivala a ku Mponela aja, poti munanena nokha kuti foni ndi ya "muli bwanji, tili bwino" basi, nkhani yeniyeni imafuna pepala.

Nkhani yake nayi. Mukukumbuka makungwa a muwawani amene munandisendera pa chulu cha kumunda, ndinabwera nawo kuno ndi zikalata za boma aja? Tawayesa. Kuno ku yunivesite timaweta makoswe oyera, odwala shuga ngati inu. Ena tinkawamwetsa madzi a muwawani, ena ayi. Bambo, amene ankamwa aja shuga wawo watsika! Nditaona ndinatuluka panja n'kuyamba kulira, anzanga kumangondiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Ndinakumbuka malemu Mayi akuwiritsa makungwa omwewa kuseri kwa nkhokwe ine ndikudwala m'mimba, uku akuti, "Imwa msanga, abambo ako asanabwere ku msonkhano wa akulu a mpingo."

Koma chonde nkhaniyi musathamange nayo kutchalitchi. Khoswe si munthu. Kuti tinene kuti awa ndi mankhwala, pafunika kuyesa pa anthu, ndipo chilolezo chake ndi chovuta kwabasi. Aphunzitsi anga akuti mwina chaka, mwina ziwiri. Zimenezo zisanatheke sindikuona kuti ndingabwere liti. Pasaka uno ndiye ayi.

Kwathu ndakusowa, Bambo. Mvula ya kuno ikagwa sinunkhira. Tsiku lina ndinalota ndili pa kabaza kuchokera ku Mponela, matope ofiira akunditharukira m'miyendo, fodya akununkhira m'zigafa, ndipo nditadzuka ndinakwiya ndi khoma. Panopa mondokwa wayamba, eti? Mundidyereko.

Mapiritsi anu a shuga mukukatengabe ku chipatala cha ku Dowa? Nanga maso aja munkati akuchita chifunga? Achemwali a Lines amabwera kuchokera ku Ntchisi kudzakuonani? Lamulungu masana muzikwera pa chulu paja pamene pamagwira netiweki, ndizikuimbirani.

Mwana wanu,
Tikondwe


Bowe
20 Malichi 2022

Wokondedwa mwana wanga Tikondwe,

Moni m'dzina la Ambuye wathu. Kalata yako ndinalandira, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Ndapezamo mawu angapo olembedwa molakwika, koma poti uli pafupi kutchedwa dokotala ndakukhululukira.

Ndiye ukuti muwawani wa amayi ako wachiza makoswe? Ha, dziko ili! Ife kuno tikuwatchera misampha kuti asatithere chimanga, inu uko mukuwagoneka m'chipatala n'kumawafunsa kuti adzuka bwanji. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Nditatha kuseka ndinanyamula mpando wanga n'kukakhala pansi pa mtengowo. Amayi ako akanakhalapo bwenzi akundiyang'ana ndi diso lawo lija, ine n'kumanamizira kuwerenga Baibulo.

Za kuno: chimanga cha kumtunda chabereka, cha kudambo chafiira poti feteleza anachedwa. Fodya tathyola. Mbuzi yako ija yaswa mapasa, ndipo ndi yamwano ngati mwini wake. Lines anabwera mwezi watha ndi ana, anandisiyira mbatatesi ndi malangizo ambirimbiri.

Tsopano pali mawu m'kalata yako amene andikhala pamtima: "mwina chaka, mwina ziwiri." Mwana wanga, ine zaka makumi asanu ndi awiri ndinadutsa kale. Chichokere iwe, mvula yagwa ndi kukata, yagwanso ndi kukatanso, kenaka mliri uja unatseka malire, ife kumangoti chaka chamawa. Chithunzi chako chimene chili pakhoma ndi cha ku sekondale, uli ndi kolala yopindika. Nkhope yako ya lero ndimachita kuipeka m'mutu. Mawu ako pa foni ndimawamva, inde, koma mawu alibe mphumi, alibe mpata wa mano uja unatengera kwa amayi ako. Ndikufuna kukuona ndi maso, si zambiri ayi.

Tandiuza, ndikufunsa monga munthu amene anaphunzitsa sayansi ku pulayimale moyo wake wonse. Makoswewo mumawamwetsa kangati pa tsiku? Mumawapatsanso mapiritsi ena pambali? Nanga anthu oti ayesedwewo amafunika otani? Udzandiyankhe Lamulungu pa chulu.

Za maso usade nkhawa. Ndi ukalamba chabe.

Bambo ako,
Elifala


Bowe
10 Epulo 2022

Wokondedwa mwana wanga Lines,

Moni kwa iwe, amuna ako a Mayeso ndi adzukulu anga. Kumapiri kwanuko kwayamba kuzizira? Kalata ino uwerenge uli wekha, utakhala pansi.

Kuyambira Lolemba lapitali ndasiya mapiritsi a kuchipatala. Ndikumwa muwawani, kapu ya tiyi m'mawa, ina madzulo. Usakuwe ayi, yamba wawerenga.

Mng'ono wako akukanika kubwera kumudzi chifukwa akudikira chilolezo choti ayese mankhwala ake pa munthu. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti, kodi munthu wodwala shuga akumusowa ku Joni konseko, pamene bambo wake womubereka ali ndi shuga yemweyo ndipo mtengo uli m'munda mwake? Munthuyo ndi ine. Chilolezo ndadzipatsa ndekha, thupi ndi langa. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi ndidzapita ku Dowa akandiyeze magazi, pepala la adokotala ndidzamutumizire. Akakalionetsa kwa aphunzitsi ake adzati, "Basi, ntchito yatha, pita kwanu." Khirisimasi ino tidzadya naye pamodzi.

Ufunsa kuti bwanji osamwa zonse ziwiri. Iwe unali m'kalasi mwanga, wayiwala nyemba zija? Tinkadzala m'zitini ziwiri, dothi lofanana, madzi ofanana, china padzuwa, china mumdima. Poyesa chinthu umasintha chimodzi chokha. Ndikamamwa mapiritsi ndi makungwa pamodzi, ndani adzadziwe chimene chagwira ntchito? Tikondwe yemwe wandiuza pa foni kuti makoswe ake sankawapatsa china chilichonse. Iye sakudziwa chimene ndinkafunsira.

Ndakuuza iwe poti ndiwe woyamba kubadwa, ndipo pakhomo payenera kukhala wina wodziwa. Koma mng'ono wako asamve. Munthu amene ali pa sukulu kutali sauzidwa za matenda a kumudzi, umu ndi mmene timachitira. Ngakhale amayi ako atagonekedwa tinadikira kuti amalize mayeso. Ukamuuza, wandinyoza ine bambo ako.

Unditumizire kasefa ka tiyi, tizinyenyeswa ta makungwa tikumandikhala pakhosi. Kuwawa kwake ndiye usanene.

Bambo ako,
Elifala


Ntchisi
17 Epulo 2022

Bambo,

Moni sindipereka, mwandidwalitsa mutu. Ndawerenga kalata yanu ndili pa benchi ku msika, mpaka mayi wina wanyamula tomato osalipira ine ndikumuyang'ana.

Nyemba zanu zija ndikuzikumbuka bwinobwino. Ndikukumbukanso kuti ya mumdima ija inkatuwa n'kufa, ndipo amene ankakataya chitini kudzala ndinali ine. Inuyo mwasankha kukhala chitini chiti?

Abale inu, mkulu wa mpingo, ahedi athunthu, kudzisandutsa khoswe! Adokotala anakuuzani ine ndili pomwepo kuti shuga akakwera amayamba ndi maso. Loweruka ndikubwera ndi mapiritsi, ndipo mudzamwa ine ndikuona.

Tiko sindimuuza, poti mwaika mawu olemera. Koma dziwani kuti mwandisenzetsa mwala. Kasefa sindibweretsa.

Lines


Ntchisi
29 Meyi 2022

Wokondedwa Tiko,

Uli bwanji mng'ono wanga? Ife tili bwino, ana akukupatsa moni. Ndalemba papepala n'kujambula pa foni, chifukwa ndikati ndiyankhule pakamwa ndiyamba kulira, ndiye undifunsa zambiri.

Tiko, tabwera kumudzi. Ngakhale sabata imodzi yokha. Makoswe akowo anzako angakusungire, sathawa.

Ku Bowe ndapitako kangapo mwezi uno. Bambo akukalamba. Jekete yawo ya kutchalitchi yayamba kuwakulira, ndipo pakhonde sakhala opanda chikho cha madzi pambali. Ine sandimvera. Ndikayankhula amati, "Iwe za mbatatesi ndiye umazidziwa." Iweyo ndi amene angakumvere, poti kwa iwo chilichonse chochokera pakamwa pako ndi chochokera m'buku.

Sindingalembe zonse. Pali zina zimene munthu amafunika aone yekha. Usandifunse pa foni, ungobwera.

Mkulu wako,
Lines


Pretoria
5 Juni 2022

Okondedwa Achemwali,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ndamva, ndipo sindikukutsutsani: Bambo mukuwasamala nokha, ine ndili kuno kutali. Mumakwera mapiri kupita ku Bowe ndi ndiwo pamutu, ine ndimangoimba foni Lamulungu. Zimandipweteka kuposa mmene mukuganizira. Koma musamayankhule ngati kuno ndikusewera ndi makoswe. Ndikachoka pano ntchito ya zaka zitatu ithera m'madzi, ndiye ndidzabwera ndi chiyani kumudziko?

Bambo ndayankhula nawo Lamulungu lapitali. Anali osangalala kuposa kale, kuseka, kundifunsa za kafukufuku ngati mwana wa sukulu. Akuti thupi lawo lapepuka ngati la mnyamata. Ndiye inu mukuti chiyani?

Achemwali, ngati kuli matenda ndiuzeni poyera. Musandichite zimene munandichita pa Mayi, kundisiya ndikulemba mayeso ndikuseka, pobwera n'kupeza atasiya kale kuyankhula. Chilonda chimenecho sichinapole. Koma ngati mwangotopa, nenani kuti mwatopa, ndikumvetsani.

Ndapatsira a Dominiko juzi ya Bambo ndi nsapato za ana. Mundiyankhe.

Tikondwe


Pretoria
10 Julayi 2022

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji ndi chisanu cha Julayi? Juzi ija yakukwanani? Ndakhala ndikuimba Lamulungu lililonse koma foni yanu siikupezeka. Achemwali nawo andikwiyira, chilembereni kalata ija sanandiyankhe. Choncho nkhani ziwiri zimene ndili nazo ndaona kuti ndilembe, ndipo inu mukhale woyamba kumva.

Yoyamba ndi yowawa ngati muwawani womwewo. Tayesanso pa makoswe amene adwala shuga nthawi yaitali. Sizinathandize, Bambo. Shuga wawo anangokwerabe, ena mpaka anayamba kuchita ng'ala m'maso. Zikuoneka kuti mtengowu uli ndi kanthu ndithu, koma pawokha sungalowe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Ndikudziwa kuti pakamwa panu simusunga nkhani ya mwana wanu, ndiye ngati alipo wina ku mpingo amene munamuuza, mumuchenjeze kuti asayerekeze kusiya mapiritsi.

Yachiwiri ndiye imvani! Aphunzitsi anga akuti zoyesa pa anthu si za digiri yanga ino, zimenezo ndi za mtsogolo, mwina tidzachitira ku Malawi komweko. Zimene ndapezazi zakwana. Ndingolemba buku langa basi. Bambo, Disembala ndikubwera! Ndikubwera ndithu, osati zongolota. Ndinavina ndekha m'chipinda mpaka woyandikana naye anagogoda khoma.

Mbuzi yamwano ija musagulitse. Mukonze mpando wanu pakhonde, ndidzakhala pa mkeka pafupi ndi mapazi anu, mudzandiyang'ane mpaka mutatopa, muone ngati mpata wa mano uja ukadalipo.

Mwana wanu amene wakusowani,
Tikondwe


Bowe
7 Ogasiti 2022

Tikondwe mwana wanga,

Moni. Usadabwe ndi zilembo zikuluzikuluzi, ndazolowera kulemba pa bolodi.

Kalata yako yafika. Ndaisunga pabwino, m'thumba la jekete.

Pa chulu sindikukwerapo masiku ano. Kuli mphepo, ndiponso kanjira kaja sikakuoneka bwino.

Ndikukukonzera mphatso. Sindinena kuti ndi chiyani. Yatsala pang'ono, ikhala itapsa mu Okutobala. Ukadzailandira aphunzitsi ako sadzakhalanso ndi chifukwa chokusungira kumeneko. Limba mtima, chaka kapena ziwiri zija tizidula.

Juzi ndi yofunda. Akuti ndi yobiriwira.

Ndimakulota uli wamng'ono, ukundigwira chala popita kutchalitchi.

Bambo ako,
Elifala


Chipatala cha Dowa
12 Sepitembala 2022

Tiko,

Unati ndikuuze poyera. Ndikukuuza poyera, andinyoze andinyoze. Bambo agonekedwa kuno. Ali moyo, akuyankhula, akudya phala. Khala pansi uwerenge zonse.

Kuyambira mu Epulo Bambo anasiya mapiritsi n'kuyamba kumwa muwawani wokhawokha. Ankati iwe ukusowa munthu woyesapo mankhwala ako, ndiye munthuyo akhale iwo, kuti umalize msanga ubwere kumudzi. Ndi imeneyo mphatso imene ankakukonzera. Ine ndinkadziwa kuyambira pachiyambi. Ndinkawagulira mapiritsi, iwo n'kumawabisa m'thumba la fodya. Anandiletsa kukuuza, ine n'kumvera, ndi chifukwa chake kalata yako ija yondifunsa mwachindunji sindinaiyankhe. Sindinakukwiyire ayi, ndinkachita manyazi.

Lamulungu lapita lija inali nthawi yawo yowerenga mawu kutchalitchi. Anaimirira kutsogolo, anatsegula Baibulo, anawerenga Salimo lonse bwinobwino osaphonya. Koma mayi Margareta a chigwirizano cha amayi, amene anakhala kutsogolo, anaona kuti atsegula ku Chivumbulutso. Tiko, ankanena za pamtima. Akuti akhala akuchita zimenezi kwa milungu ingapo, anthu osadziwa. Potsika anaphonya sitepe n'kugwa, osadzukanso. Anawanyamula pa galimoto ya abusa.

Adokotala akuti shuga anakwera moopsa, ndi mwayi kuti anafika ali moyo. Awaika madiripi, akuwabaya jakisoni, shugayo watsika. Koma maso. Akuti timitsempha ta m'kati tinaphulika, magazi anatayikira m'maso. La kumanzere lazimiratu. La kumanja akuti akuona ngati munthu ali m'khitchini yodzaza utsi. Atitumiza ku Lilongwe kwa a maso, koma sanatilonjeze kanthu.

Tsopano imva ichi. Powavula jekete ndinapeza kalata yako ya mu Julayi m'thumba, yotsegula, yakuda ndi zala. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, Tiko akuti chiyani?" Anati, "Akuti ali bwino." Sanaiwerenge, Tiko. Inafika maso atayamba kale kukana, ndipo munthu amene anaphunzitsa mudzi wonse kuwerenga sakanapita kwa mwana wa sukulu wake kukati tandiwerengere. Ankangoitulutsa, kuisisita, n'kuibwezera. Mwezi wathunthu ndi masabata akuyenda ndi yankho m'thumba, uku akumwa makungwa.

Ndawawerengera dzulo masana. Pa za makoswe aja anangoti, "Ohoo." Nditafika pa mawu akuti "Disembala ndikubwera" anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anatembenukira kukhoma, ndipo sindinawaonepo Bambo akulira chotero, ngakhale pa maliro a Mayi.

Kalata yawo ya mu Ogasiti sunailandire, ndikudziwa. Galimoto ya a Dominiko inafera ku Tete, abwerera nayo katundu yense. Ndaijambula, ndakutumizira pamodzi ndi ino. Uone zilembozo.

Lines


Pretoria
13 Sepitembala 2022

Bambo anga,

Achemwali akuwerengerani. Achemwali, muwerenge pang'onopang'ono.

Bambo, mwachitiranji zimenezi? Ndani anakuuzani kuti ndikufuna digiri yogula ndi maso anu? Ndikanasiya zonse, ndikanabwera wapansi. Ndakwiya nanu, ndakwiya ndi Achemwali, koma koposa ndadzikwiyira ndekha. Munandifunsa mafunso onse aja pa chulu, ine n'kumayankha monyada kuti bambo anga amakonda sayansi. Kalata yanga yoyamba ija ndikanaiwotcha.

Ndikubwera, sindidikiranso Disembala. Buku ndidzalembera pakhonde panu. Chondigwira ndi chimodzi: mapepala anga okhalira kuno ali ku ofesi kukawonjezera nthawi, ndipo akuti ndikachoka asanatuluke sadzandilolanso kulowa. Ndachonderera, akuti kumapeto kwa Okutobala. Akangotuluka ndikwera basi ya tsiku lomwelo.

Mwani mankhwala, Bambo. Mverani Achemwali. Diso latsalalo mundisungire, ndapota nanu.

Tikondwe


Bowe
16 Okutobala 2022

Wokondedwa mwana wanga Tikondwe,

Moni m'dzina la Ambuye. Akulemba ndi Lines, ine ndikungoyankhula. Ukapeza zolakwika mlandu ndi wake.

Tabwerako ku Lilongwe, ndili pakhomo. Ndikubayidwa jakisoni m'mawa uliwonse, ndipo mkulu wako wasanduka msilikali. Wasiya benchi yake ku Ntchisi, wagona pano mwezi wonse. Za mbatatesi zija ndinamunena, ndabweza mawu.

Usadzikwiyire. Iwe unalemba bwinobwino kuti khoswe si munthu. Amene analumpha kalasi ndi mphunzitsi, osati mwana wa sukulu. Ndinkangofuna kudula njira kuti ufike msanga, basi. Zina zonse za sayansi zija ndinkangodzikometsera.

Komabe zotsatira ndi zotsatira. Ndinkawauza ana kuti nyemba yakufa nayonso yayankha funso. Ndiye lemba: munthu mmodzi, mwamuna, wa ku Bowe, anamwa mosaphonya, sizinatheke. Lines akuti sungaike m'buku poti panalibe chilolezo. Chabwino, ika mumtima, udzawauze ena amene ali ndi ana kutali. Ku mpingo ndanena kale ndekha, nditaimirira.

Mtengo uja usaude. Lines anafuna kuudula, ndamuletsa. Amayi ako sanali opusa, ndipo iwe wanena kuti muli kanthu. Udzakapeze kanthuko mwa njira yake, ndi zilolezo zake zonse, ngakhale zitenge zaka khumi. Ine sindidzakufulumizitsanso.

Monga ahedi ndikanati khala komweko umalize buku. Koma uhedi ndinapuma kalekale. Bwera, mwana wanga.

Pali chimene ndikupempha. Diso la kumanjali nkhope silikugwira, zilembo ndiye ayi, koma mitundu yowala likuyesetsa. Pochoka kuchipatala ndinaona chinthu chachikasu kumunda, ndinafunsa, akuti ndi muwawani wachita maluwa. Ndiye chikasu ndimachiona. Ukamadzabwera udzavale zachikasu, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, usachite manyazi ndi anthu a m'basi. Udzatsike pa kabaza pa mtengo wa mango wa pamphambano, osati pakhomo, kuti udzayende kamtunda kaja. Ine ndidzakhala pakhonde. Ndikufuna ndidzakuone ukubwera ndekha, wina asanandiuze kuti ndi uyo.

Bambo ako,
Elifala

Tiko, apa ndi ine Lines, Bambo sakudziwa kuti ndawonjezera. Za maluwa akunenazo zinali zoona sabata ziwiri zapitazo. Dzulo ndinakathyola nthambi yodzaza maluwa pa chulu, ndinaima nayo patsogolo pawo dzuwa likuswa mtengo, ndinaigwedeza. Anandifunsa ngati madzi osamba atentha. Sindinawauze kanthu, ndipo iwonso sakunena.

Ndakuuza poyera monga unapempha. Tsopano nawe undithandize. Ukadzatsika pa mango paja usadzaitane, ungoyenda. Ine ndidzaima kumbuyo kwa mpando wawo, ukadzafika pa khola la mbuzi ndidzatsokomola. Iwo ndi ochenjera, adzadziwa chochita. Akadzati, "Ndi uyo, ndamuona," iwe udzangoti, "Eya Bambo, mwandiona."

Nsalu yachikasuyo ugule ndithu.